MAPIRITSI AWIRI KATATU PATSIKU: KUUNIKA CHICHEWA CHA MALANGIZO A IBUPROFEN

1.0 MAWU OYAMBA

Pali malangizo ena amene azolowereka kwambiri m'nkhani za umoyo za m'nyuzipepala, m'mapologalamu a pawailesi ndiponso pakamwa pa ogulitsa mankhwala m'magolosale. Mawu ake amasinthasintha, koma thunthu lake limakhala lotere:

(1) Mankhwalawa amapha ululu, amachotsa kutupa ndiponso amaziziritsa malungo. Imwani mapiritsi awiri katatu patsiku mutadya.

Mphunzitsi wa Chichewa atapatsidwa ziganizo ziwirizi kuti azichonge sangapezemo cholakwa. Agwirizanitsi ali m'malo mwawo, maphatikizo alembedwa motsata malamulo a kalembedwe, ndipo mawu onse ndi odziwika kwa wamkulu ndi mwana yemwe. Komabe ziganizozi zikamanenedwa za ibuprofen, mankhwala amene ambiri amawatchula kuti bulufeni, pafupifupi liwu lililonse likusiya mpata wakuti wodwala alakwitse. Nkhani ino ikuunika mawuwo limodzilimodzi. Mfundo yake ndi yakuti Chichewa cha malangizo a mankhwala chiyenera kuyesedwa ndi zimene wodwala amachita akachimva. Chiganizo chingakhale chokoma m'khutu, koma ngati anthu awiri ochimva angamwe milingo iwiri yosiyana, chiganizocho chalephera ntchito yake.

2.0 MANKHWALA AKE NDI KAGWIRIDWE KAKE KA NTCHITO

Ibuprofen adapangidwa ku Nottingham, m'dziko la England, ndi akatswiri a kampani ya Boots motsogozedwa ndi Stewart Adams ndi John Nicholson, amene adapempha chiphaso cha umwini wake m'chaka cha 1961. Adayamba kuperekedwa kwa odwala nyamakazi ku Britain m'chaka cha 1969, akudziwika ndi dzina lamalonda lakuti Brufen. Kuyambira m'chaka cha 1983 ku Britain, ndi 1984 ku America, anthu adaloledwa kuwagula popanda kalata ya dokotala. Lero ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO.

Wolemba malangizo ayenera kudziwa pang'ono za mmene mankhwalawa amagwirira ntchito, chifukwa machenjezo onse agona pamenepo. Thupi likavulala, kapena likalowedwa ndi tizilombo, limapanga timadzi totchedwa prostaglandin. Timadziti ndi timene timachititsa kuti malo ovulalawo atupe, atenthe ndi kupweteka, ndiponso kuti thupi lonse litenthe. M'chaka cha 1971 katswiri wina wa ku Britain, John Vane, adaonetsa kuti aspirin ndi mankhwala ofanana naye amaletsa thupi kupanga timadziti, ndipo ntchitoyi idamupatsitsa mphotho ya Nobel m'chaka cha 1982. Ibuprofen ndi mmodzi wa mankhwala oterewa.

Vuto ndi lakuti prostaglandin ali ndi ntchito zinanso zabwino. Amateteza khungu lam'kati mwa chifu kuti lisadyeke ndi asidi wogaya chakudya, ndipo amathandiza magazi kuyenda bwino mu impso, makamaka thupi likaperewera madzi. Motero mphamvu imene imachepetsa ululu ndi yomweyonso imene ingaboole chifu ndi kufooketsa impso. Phindu ndi ngozi zikuchokera pamuzu umodzi, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi mlingo, nthawi ndi thupi la wakumwayo. Zitatuzi ndi zimene malangizo a m'chitsanzo (1) sakuzitchula momveka.

3.0 DZINA: IBUPROFEN, BULUFENI KAPENA PANADO?

Mawu obwerekera akalowa m'Chichewa amalandira malembo a liwu pakati pa malembo opanda liwu ndiponso kumapeto, monga mmene zidachitikira ndi sukulu, buledi ndi sitolo. Dzina lakuti bulufeni lidatsata njira yomweyi kuchokera ku Brufen, ndipo poyankhula palibe chifukwa cholikanira. Koma polemba malangizo lili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, lidachokera ku dzina lamalonda limodzi chabe, pamene mankhwala omwewa amagulitsidwanso ndi mayina ena monga Nurofen, Advil ndi Motrin, ndipo amapezekanso atasakanizidwa ndi mankhwala ena m'mapiritsi a chimfine kapena a mutu. Chachiwiri, wodwala amene wawerenga liwu lakuti bulufeni sadzalipeza papaketi iliyonse. Munthu angamwe bulufeni wa kuchipatala mmawa, masana n'kugula mapiritsi a dzina lina pagolosale, osadziwa kuti wamwa mankhwala amodzimodzi kawiri.

Dzina lakuti ibuprofen si liwu lachingerezi lofunika kulimasulira. Lidalukidwa kuchokera ku zigawo za dzina lake lasayansi, ndipo ndi dzina limene mayiko adagwirizana. Limalembedwa chimodzimodzi papaketi ya ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo ku Tete, kumene mapaketi ali m'Chipwitikizi, limangoonjezera lembo limodzi n'kukhala ibuprofeno. Pano lamulo la mawu obwerekera liyenera kupereka malo ku chitetezo cha wodwala. Wolemba alembe ibuprofen monga lilili papaketi, kuti diso la wowerenga lizindikire malembowo, ndipo atchule kamodzi kuti ndi amene ambiri amati bulufeni.

Cholakwa chachikulu kuposa ichi ndi kutenga dzina lakuti panado ngati dzina la piritsi lililonse la ululu, monga mmene dzina la sopo mmodzi limasandukira dzina la sopo yense. Panado ndi dzina lamalonda la paracetamol, amene ndi mankhwala ena. Paracetamol amachepetsa ululu ndi kutentha thupi, sachita zambiri pa kutupa, sadya chifu, koma amaononga chiwindi munthu akapyola mlingo wake, umene kwa wamkulu ndi mamiligalamu 4000 pa maola 24. Mlingo umenewu utatengedwa kukhala wa ibuprofen ungakhale woposa katatu mlingo wovomerezeka kwa wogula yekha. Mkonzi wolola mayina awiriwa kulowana m'malo akusokoneza milingo iwiri ndi ngozi ziwiri.

Pakufunikanso dzina la gulu. Ibuprofen, aspirin, diclofenac, naproxen ndi indomethacin, amene ambiri amati indosidi, ndi a banja limodzi, ndipo kumwa awiri mwa iwo pamodzi kumaonjezera ngozi ya zilonda za m'mimba popanda kuonjezera phindu lenileni. Mawu akuti mankhwala a m'banja la ibuprofen ndi omveka ndipo safuna kupeka liwu latsopano, malinga mayina a m'banjamo atchulidwe.

4.0 ANENI ATATU: KUPHA, KUCHOTSA NDI KUZIZIRITSA

4.1 Amapha ululu

Mawu akuti mankhwala opha ululu adakhazikika, ndipo angathe kukhala monga dzina la gulu. Koma monga kufotokoza kwa zimene mankhwala amachita, mneni kupha akulonjeza zambiri. Chimene chaphedwa sichidzukanso, pamene ibuprofen amangochepetsa ululu kwa maola ochepa osakhudza gwero lake. Dzino lobooka limakhalabe lobooka. Mneni woyenera ndi kuchepetsa, chifukwa amasiya wodwala akudziwa kuti ululu ukapitirira ayenera kukafufuzitsa chimene chikuuyambitsa.

Dzina lakuti ululu nalonso lili ndi matanthauzo awiri. Limatanthauza kupweteka, komanso poizoni wa njoka kapena wa chinkhanira, monga m'mawu akuti njoka yaululu. Wolumidwa ndi njoka akamva kuti pali piritsi lopha ululu angaganize kuti lamuyenera. Chonsecho malangizo a WHO amaletsa aspirin ndi abale ake kwa wolumidwa ndi njoka, chifukwa poizoni wa njoka zina amalepheretsa magazi kuundana ndipo mankhwalawa amaonjezera kutaya magazi. Pamene pangakhale chisokonezo, liwu lakuti kupweteka ndi lotetezeka.

Ngakhale liwu limeneli liyenera kukhala ndi malo ake otchulidwa bwino. Mawu akuti kupweteka kwa m'mimba akuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Cham'mimba cha pa nthawi ya msambo chimamva ibuprofen bwino, chifukwa chimayamba ndi prostaglandin yemweyo. Koma kupweteka kotentha kwa pamwamba pa mchombo, kumene kungakhale chizindikiro cha zilonda za m'mimba, kumakula ndi mankhwala omwewa mpaka kukha magazi. Kulemba kuti ibuprofen amathandiza m'mimba mukamapweteka ndi kupereka uphungu wabwino kwa mmodzi ndi woopsa kwa mnzake m'chiganizo chimodzi.

4.2 Amachotsa kutupa

Apa ndi pamene kumasulira kwa liwu ndi liwu kwalakwitsa kwambiri. Kutupa kumene ibuprofen amachepetsa ndi kwa mtundu umodzi, kumene kumadza ndi kutentha, kufiira ndi kupweteka pamalo amodzi, monga pabondo la nyamakazi, pamwendo wobinya kapena pankhama za dzino lodwala. Koma m'Chichewa liwu lakuti kutupa limagwiranso ntchito pa kutupikana kwa mapazi, miyendo ndi nkhope kumene kumadza madzi akachuluka m'thupi. Kutupikana kotereku kawirikawiri ndi chizindikiro cha matenda a impso, a mtima kapena a chiwindi, kapenanso cha kuthamanga kwa magazi mwa mayi woyembekezera. Anthu amenewa ndi amene ali patsogolo pa mndandanda wa oletsedwa kumwa ibuprofen, chifukwa mankhwalawa amasunga madzi ndi mchere m'thupi ndi kulemetsa impso. Mawu akuti amachotsa kutupa akuitana munthu yemwe amayenera kumuthamangitsa.

Chichewa chili kale ndi zipangizo zokonzera vutoli. Mneni kutupikana asungidwe kuti azitanthauza kutupa kwa madzi, ndipo kutupa kwa mtundu winawo kuzitsagana ndi afotokozi ake: kutupa kotentha ndi kopweteka kwa pamalo ovulala. Mawuwa ndi aatali, koma sapereka mpata wolakwitsa.

4.3 Amaziziritsa malungo

Kuyambira kale liwu lakuti malungo limatanthauza kutentha thupi ndi kuphwanya m'nkhongono kwa mtundu uliwonse, ndipo lidasandukanso dzina la nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu. Matanthauzo onsewa akadali amoyo. Ibuprofen amatsitsa kutentha thupi, koma sapha tizilombo ta malungo. Mwana amene thupi lake lazizira ndi piritsi angaoneke ngati wachira pamene nthenda ikukula m'magazi. Kuyambira m'chaka cha 2010 WHO idalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa magazi asanalandire mankhwala, ndipo m'Malawi mankhwala oyamba a malungo osafika poopsa akhala LA kuyambira m'chaka cha 2007. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2015 adanenanso kuti potsitsa kutentha thupi kwa wodwala malungo pagwiritsidwe ntchito paracetamol, ndipo sadalimbikitsenso ibuprofen poopa kutaya magazi m'mimba ndi kuonongeka kwa impso. Motero liwu lakuti malungo lisapezeke pamndandanda wa zimene ibuprofen amathandiza. Palembedwe kutentha thupi, pamodzi ndi chenjezo lakuti wotentha thupi akayezetse magazi tsiku lomwelo.

5.0 MAPIRITSI AWIRI

Piritsi, kapena m'bulu monga ena amanenera, si muyeso. Ibuprofen amapezeka kawirikawiri m'mapiritsi a mamiligalamu 200 ndi a 400, ndipo alipo ena a 600 operekedwa ndi dokotala. Mlingo wa munthu wamkulu wogula yekha ndi mamiligalamu 200 mpaka 400 nthawi imodzi, osapyola 1200 pa maola 24. Madokotala amatha kupereka wochulukirapo, mpaka 2400, koma amatero akuyang'anira wodwalayo. Mapiritsi awiri katatu patsiku ndi mamiligalamu 1200 ngati piritsi lili la 200, ndipo ndi 2400 ngati lili la 400. Chiganizo chimodzi chomwecho chikupereka mlingo woyenera kwa wogula pagolosale ina ndi mlingo wowirikiza kwa wogula pagolosale inzake. Vutoli limakula pamene mapiritsi akugulitsidwa awiriawiri, atadulidwa pachikhatho chake kapena atakulungidwa m'kapepala kopanda malembo.

Lamulo kwa wolemba likhale lakuti chiwerengero cha mapiritsi chisayende chokha. Nthawi zonse chitsagane ndi mphamvu ya piritsilo, yolembedwa m'manambala ndi chizindikiro cha mg monga chilili papaketi: piritsi limodzi la 400 mg, kapena awiri a 200 mg.

Liwu lobwerekera lakuti dozi nalo lili ndi msampha wake. Pakamwa pa anthu ambiri limatanthauza mankhwala onse amene munthu walandira kuti amwe mpaka atathe, monga m'mawu akuti kumaliza dozi. Uphungu womaliza mankhwala onse ndi woona pa LA, pa mankhwala a chifuwa chachikulu ndi pa ena opha tizilombo, ndipo udalalikidwa kotero kuti ambiri amautenga ngati lamulo la mankhwala alionse. Pa ibuprofen wogula yekha lamulo ndi lina: mlingo wochepetsetsa umene ukuthandiza, kwa masiku ochepetsetsa, ndipo ululu ukatha munthu aleke. M'chaka cha 2015 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidalimbitsa chenjezo lakuti mankhwala a m'banjali, kupatula aspirin, amaonjezera ngozi ya nthenda ya mtima ndi sitiroko, ndipo ngoziyo imakula ndi kukula kwa mlingo ndi kuchuluka kwa masiku. Pachifukwa ichi liwu lakuti mlingo lisungidwe kutanthauza zimene munthu amamwa nthawi imodzi, ndipo lakuti dozi lipewedwe.

6.0 KATATU PATSIKU

Dzina lakuti tsiku limatanthauza maola 24, komanso limamveka ngati nthawi yochokera kutuluka kwa dzuwa kufikira kulowa kwake. Mawu akuti katatu patsiku sanena kutalikirana kwa nthawi zitatuzo. Wodwala dzino angamwe katatu dzuwa lisanafike paliwombo ndipo sanaphwanye chiganizocho. Wina angaganize kuti usiku uli ndi chiwerengero chakechake. Mawu akuti mmawa, masana ndi madzulo ndi abwinopo, koma nawonso amatamuka: madzulo a wina amayamba dzuwa likapendeka, a wina mdima ukagwa.

Malangizo abwino amatchula zinthu ziwiri zimene muonjezi katatu sangazinyamule yekha. Choyamba ndi mpata: womwa katatu asiye maola osachepera 6 pakati pa mlingo ndi unzake. Chachiwiri ndi malire: osapyola katatu pa maola 24, usana ndi usiku pamodzi. Mapaketi ena amalola mpata wa maola 4, koma malire a mamiligalamu 1200 sasintha.

Pano okonda kulemba manambala m'mawu ayenera kugonja. Mawu akuti maola asanu ndi limodzi ndi Chichewa chenicheni, koma womvera wothamanga amagwira asanu n'kutaya zotsalazo, ndipo 1200 wolembedwa m'mawu amadzaza mzere wonse umene wodwala mutu sangaumalize. M'nthano ndi m'ndakatulo manambala alembedwe m'mawu. M'malangizo a mankhwala alembedwe m'zizindikiro zake.

7.0 MUTADYA

Uphungu womwa ibuprofen pamodzi ndi chakudya kapena mkaka ndi wabwino, chifukwa umachepetsa nseru ndi kutentha pamtima. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kuziona. Choyamba, mutadya ndi musanadye akusiyana ndi maphatikizo ochepa a pakati, ndipo pawailesi kapena pawindo la chipatala pamene pali phokoso angamveke mofanana. Kubwereza lingaliroli ndi mawu ena, monga osamwa m'mimba mulibe kanthu, kumatseka mpatawo. Chachiwiri, olemba ambiri amaika liwuli kumapeto ngati kuti ndi chishango chokwanira. Chakudya sichiteteza munthu ku zilonda, popeza mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha chifu kudzera m'magazi, ngakhale m'mimba muli nsima. Munthu wa zilonda za m'mimba sayenera kumwa ibuprofen ngakhale atakhuta. Mowa nawo umaonjezera ngozi yomweyi.

8.0 ZIMENE CHIGANIZO SICHIKUNENA

Cholakwa chachikulu cha chitsanzo (1) ndi chakuti chikulamula aliyense kuti amwe. Sichikutchula oletsedwa, amene ndi awa: amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena adakhalapo nazo, odwala impso, mtima kapena chiwindi, amene mphumu yawo imadzuka kapena thupi limatuluka zidzolo akamwa aspirin, ndi amene ataya madzi ambiri chifukwa chotsekula m'mimba kapena kusanza. Sichikutchulanso ofunika kuyamba afunsa kuchipatala: okalamba, odwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amene akumwa mankhwala ena monga warfarin wosungunula magazi, prednisolone, aspirin wa tsiku ndi tsiku woteteza mtima, mankhwala okodzetsa, kapena ma ARV okhala ndi tenofovir, amene nayenso amalemetsa impso.

Polemba chiletso, kanenedwe ka mneni n'kofunika. Taonani ziganizo izi:

(2) Ndi bwino kusamwa mankhwalawa.
(3) Simuyenera kumwa mankhwalawa.
(4) Musamwe mankhwalawa.

Chiganizo (2) ndi uphungu waulemu umene munthu angautenge kapena kuusiya. Chiganizo (3) chingatanthauze kuti kumwa n'koletsedwa, kapena kuti kumwa si kokakamiza. Chiganizo (4) chokha ndi chimene chili ndi tanthauzo limodzi. Ulemu wake uli kale mwa mgwirizanitsi mu-, ndipo sichifuna kufewetsedwa kwina.

Mawu ozimbaitsa nawo ayenera kusamalidwa. M'madera ena mayi wapakati amanenedwa kuti ndi wodwala, ndipo pamaliro kapena pabwalo mawuwa ndi aulemu. M'malangizo a mankhwala, kumene aliyense wowerenga ndi wodwala, mawuwa sanena kanthu. Palembedwe woyembekezera kapena wapakati. M'chaka cha 2020 FDA idachenjeza kuti mankhwala a m'banjali apewedwe kuyambira pa masabata 20 a pakati, chifukwa angasokoneze impso za mwana ndi kuchepetsa madzi amene amamuzinga m'chiberekero. M'miyezi itatu yomaliza angatseke msanga mtsempha wina wofunika wa pafupi ndi mtima wa mwanayo. Popeza amayi ambiri amawerenga miyezi ndipo ena sadziwa tsiku lenileni limene pakati padayambira, chiganizo chotetezeka ndi choletsa woyembekezera aliyense kumwa popanda chilolezo cha kuchipatala.

Malangizo athunthu ayeneranso kutchula zizindikiro zolekera pomwepo. Mawu akuti mukaona zachilendo sathandiza, chifukwa munthu sadziwa chachilendo chimene akuyenera kuchiyembekezera. Zizindikirozo zitchulidwe ndi mayina ake: chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, kusanza magazi kapena zooneka ngati nsenga za khofi, kupweteka kwambiri kwa pamwamba pa mimba, kuchepa kwa mkodzo, kutupikana mapazi, kubanika, kapena kutupa milomo ndi nkhope.

9.0 ANA NDI SUPUNI

Mawu akuti ana amwe theka ndi ofala ndipo ndi opanda maziko. Dzina lakuti mwana limaphimba khanda la miyezi iwiri ndi mnyamata wa zaka 11 yemwe. Mlingo wa ana umawerengedwa potengera kulemera: mamiligalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu iliyonse, ndi mpata wa maola 6 mpaka 8. Ibuprofen wamadzi wa ana kawirikawiri amakhala ndi mamiligalamu 100 m'mamililita 5 alionse. Motero mwana wolemera makilogalamu 10 amalandira mamililita 2.5 mpaka 5 nthawi imodzi. Khanda losakwana miyezi 3 kapena makilogalamu 5 lisapatsidwe popanda dokotala. Mwana wodwala katsabola asapatsidwe, chifukwa zilonda za pakhungu zingalowe matenda oopsa, ndipo wotsekula m'mimba kapena wosanza asapatsidwenso, kamba ka impso.

Supuni, monga piritsi, si muyeso. Masupuni a m'nyumba ndi osiyana kukula, ndipo kachepetsedwe ka m'mawu akuti kasupuni sikanena kuti kachepe motani. Wolemba atchule mamililita ndi chipangizo choyezera chimene chimadza ndi botolo. Angakumbutsenso makolo kuti kulemera kwa mwana kudalembedwa m'buku lake la kusikelo, ndipo kuti mlingo wolembedwa pabotolo ndi umene uyenera kutsatidwa.

10.0 MALANGIZO OKONZEDWA

Pophatikiza mfundo zonsezi, chitsanzo (1) chingalembedwenso motere kwa akuluakulu:

(5) Ibuprofen, amene ambiri amati bulufeni, amachepetsa kupweteka kwa mutu, dzino, msana, nyamakazi ndi cham'mimba cha msambo, ndiponso kutupa kotentha kwa pamalo ovulala. Si panado ndipo sachiza malungo. Imwani piritsi limodzi la 400 mg, kapena limodzi mpaka awiri a 200 mg, pamodzi ndi chakudya ndi madzi. Dikirani maola 6 musanamwenso. Musapyole 1200 mg pa maola 24. Ululu ukatha, lekani. Musamwe ngati muli woyembekezera, muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena a mtima, mwatupikana mapazi, kapena mukutsekula m'mimba. Musaphatikize ndi aspirin, diclofenac kapena indosidi. Ngati mukumwa mankhwala ena, yambani mwafunsa kuchipatala. Thupi likatentha, kayezetseni magazi lero lomwe. Ululu ukakula, kapena ukapitirira masiku angapo, pitani kuchipatala, ndipo musamwe mankhwalawa kupyola masiku 10 popanda kuonana ndi dokotala.

Wina angadandaule kuti (5) ndi wautali kuposa (1), ndipo kuti malo m'nyuzipepala ndi mphindi za pawailesi n'zodula. Dandauloli ndi lomveka. Koma kufupika kwa (1) kudagulidwa potaya mphamvu ya piritsi, mpata wa maola, malire a tsiku ndi mayina a oletsedwa, ndipo zimenezi ndi zimene zinali uthenga weniweni. Ngati malo achepa, mkonzi adule mawu otamanda mankhwalawo, asiye manambala ndi ziletso. Winanso anganene kuti ndimeyi yadzaza zizindikiro zachilendo. Zizindikirozo ndi zimene wodwala adzazipeze papaketi, ndipo chiyankhulo chimene chimamuphunzitsa kuziwerenga chikumutumikira bwino.

11.0 MAWU OTSIRIZA

Palibe mfundo iliyonse m'nkhani ino imene yafuna kupeka liwu latsopano. Kusiyana kwa kutupa ndi kutupikana, kwa malungo ndi kutentha thupi, kwa kupha ndi kuchepetsa, kwa simuyenera ndi musamwe, kudali kale m'chiyankhulo. Chimene chasowa ndi kusankha mosamala, ndipo kusankhako kumafuna kuti womasulira adziwe mankhwala amene akulemba za iwo.

Kwa alembi ndi akonzi, njira yoyesera ndi yapafupi. Malangizo asanasindikizidwe aonetsedwe kwa wazamankhwala wovomerezeka ndi bungwe la PMRA, limene lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la m'chaka cha 2019, kapena kwa dokotala, kuti atsimikize manambala. Kenaka awerengedwe kwa anthu wamba atatu kapena anayi, aliyense payekha, ndipo afunsidwe kuti angamwe mapiritsi angati, a mphamvu yanji, nthawi yanji, kwa masiku angati, ndiponso kuti ndani sayenera kumwa. Mayankho akasiyana, cholakwa chili m'chiganizo ndipo chikonzedwe. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo pankhani iyi woyenera kuyamba kufunsa ndi wolemba.

Kwa aphunzitsi, paketi yopanda kanthu ya ibuprofen ndi chipangizo chabwino cha phunziro la kumvetsa nkhani. Ophunzira apeze dzina lenileni la mankhwala, mphamvu ya piritsi ndi tsiku lothera ntchito, kenaka alembe malangizo ake m'Chichewa ndi kusinthana makope kuti aone ngati mnzawo angamwe mlingo umene iwo amatanthauza. Ambiri mwa ophunzirawo ndi amene amatumidwa kugolosale ndi kuwerengera agogo awo zolembedwa papaketi akabwerera kunyumba.